Mawu akamathawa biti: chimachitika n'chiyani mkati mwa kompyuta ya mu situdiyo?

Masabata awiri apitawa anabwera kwanga kuno ku Luchenza mkulu wa kwaya ina ya mpingo, fulashi ili m'manja, nkhope yosasangalala. Anajambulitsa nyimbo zitatu kwa mnyamata wina, ndalama zake zosonkherana, ena anachita kugulitsa nthochi ndi zinanazi kuti zikwane. Titaika nyimbo yoyamba inayamba bwinobwino, koma pofika pa kolasi amayi a soprano anali patsogolo ng'oma zikuwatsatira m'mbuyo, vesi yachiwiri zinakumananso pang'ono, kenako zinasiyananso. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Achimwene, kodi ndife amene sitidziwa kuyimba kapena ndi makinawa?" Ndinawapempha kuti, "Bambo, khalani kaye pansi timvere limodzi mpaka kumapeto, chifukwa matenda amenewa alipo angapo ndipo amafanana nkhope."

Zimenezo ndi zimene ndikufuna ndifotokoze pano, chifukwa funso lomweli ndimalimva kwa anyamata amene angoyamba kumene kupanga mabiti ku Chitakale, ku Bvumbwe, ku Limbuli, aliyense amangoti mawu akuthawa biti, koma kuthawa kwake kumasiyana. Pali mawu amene amachedwa mofanana kuyambira poyamba mpaka pothera, ngati munthu woyenda phazi limodzi kumbuyo kwa mnzake ulendo wonse. Pali ena amayamba pamodzi ndi biti koma mpata umanka nukula pang'onopang'ono. Ndiye pali ena ongoyendayenda, apa atsogola, apo atsalira. Musanakhudze batani lililonse mverani nyimbo yonse mudziwe kuti mwa zitatuzi yanu ndi iti, chifukwa mankhwala a china amaononga chinzake.

Tempo ndi nambala ija ya BPM

Tempo ndi liwiro la nyimbo basi. BPM ndi kuwerenga kuti pa mphindi imodzi nyimbo ikugunda kangati, kugunda kuja kumene phazi lanu limaponda lokha pansi mukamamvera. BPM ikakhala 60 ndiye kuti kugunda kumodzi pa sekondi iliyonse, ikakhala 120 ndi kawiri pa sekondi. Amapiano a ku South Africa aja amayenda chapakati pa 110 ndi 115, house imakwererapo kupitirira 120.

Kuyeza kotereku sikunayambe ndi makompyuta. Kachipangizo kogunda kotchedwa metronome kanapangidwa ndi Dietrich Nikolaus Winkel ku Amsterdam cha mu 1814, ndipo Johann Maelzel ndi amene anakalembetsa m'dzina lake mu 1815 n'kuyamba kukagulitsa, n'chifukwa chake pa mapepala ena a nyimbo mumaona zilembo M.M. pambali pa nambala. Beethoven anali mmodzi mwa oyamba kulemba manambala amenewa pa nyimbo zake. Kaphokoso ka "ti, ta, ta, ta" kamene mumayatsa m'mapulogalamu opangira nyimbo monga FL Studio kapena Cubase, kamene timangoti kiliki, ndi mdzukulu wa kachipangizo komweko.

Ganizirani amayi awiri akusinja pa mtondo umodzi, misi iwiri. Wina akakhala wofulumira pang'ono chabe kuposa mnzake, poyamba simuona kanthu, koma pakapita nthawi misi ija iombana ndithu. Ndi zomwe zimachitika biti ikakhala ya 100 BPM inu pulojekiti mwaika pa 101. Kusiyana kwa 1 kumaoneka ngati si kanthu, koma pa nyimbo ya mphindi 3 ndi kugunda katatu konse, pafupifupi bala yathunthu, kagulu ka kugunda kunayi. Ngakhale kusiyana kwa theka, 100 ndi 100.5, pofika kumapeto mwataya kugunda kumodzi ndi theka, ndipo khutu la aliyense limva. Ndiye mukaona mpata ukukula mosadumpha, poyambira kufufuza ndi pamenepa. Ikani kugunda koyamba kwa biti ndendende pa mzere woyamba wa bala, yatsani kiliki, dumphani mupite chakumapeto kwa nyimbo mumve ngati zikugwirizanabe. Ngati biti yatsogola kiliki kwezani BPM pang'ono, ngati yatsalira tsitsani, ndipo musaope manambala a madontho ngati 97.5, alipo mabiti otero. Ambiri amangoyesa pa mabala anayi oyamba n'kukhutira, pamene vuto limabisala kutsogolo.

Ndipo kwa amene mumapanga mabiti ogulitsa, chonde lembani BPM pa dzina la fayilo. Ndi chinthu chaching'ono koma chimapulumutsa mnzanu ola lathunthu.

Kompyuta ikamalota yokha nambala

Mapulogalamu ambiri ali ndi kabatani kofufuza tempo okha, mu FL Studio kamalembedwa Detect tempo. Kamagwira ntchito poyang'ana malo amene phokoso ladumpha mwamphamvu, monga pamene kiki, ng'oma yaikulu ya mawu apansi, yagunda, n'kuyeza mpata wa pakati pake. Pa biti yowongoka ya kiki inayi pa bala kamalondola. Koma kamasokonezeka kawirikawiri m'njira ziwiri. Yoyamba, kamakupatsani theka kapena kuwirikiza, nyimbo ya 85 kamati 170, ya 140 kamati 70. Apa sikananame kwenikweni, kangowerenga mapazi onse awiri pamene inu mumawerenga lamanja lokha.

Yachiwiri ndi imene imatikhudza kwambiri ife kuno. Nyimbo zathu zambiri za makolo, ndi makwaya ambiri amene anatengera kumeneko, kugunda kumodzi kumagawika patatu osati pawiri kapena panayi. Mverani ng'oma za tchopa ku Chonde nthawi ya Mulhako wa Alhomwe, kapena manganje, mumva kuti mkati mwa kuponda kumodzi muli tizidutswa titatu, ndipo ng'oma ina imatha kuyenda pawiri pamene inzake ikuyenda patatu nthawi imodzi. Pulogalamu ikamva zimenezi imatha kugwira ng'oma yolakwika n'kukupatsani nambala yoposa yeniyeni ndi theka lake, ya 80 n'kunena 120. Nambala yotereyi ndi yoopsa chifukwa imaoneka yanzeru, ndipo kugunda kwina kumagweradi pa mizere.

Mizere ija ya mu pulogalamu, giridi, imabwera itagawidwa kale panayi. Sizodabwitsa, FruityLoops imene inadzasanduka FL Studio mu 2003 inayamba mu 1997 ku Belgium ngati kamakina ka ng'oma ka Didier Dambrin, ka timabokosi 16 pa bala, koyenera nyimbo za m'makalabu a ku Ulaya. Ukaika nyimbo ya patatu pa giridi ya panayi n'kulamula kuti zonse zikokeredwe pa mzere, zomwe amati quantize, nyimbo imatsimphina, imamveka ngati munthu wovala nsapato imodzi. Njira yake ndi kusintha giridi kaye, mu FL Studio pa snap, setingi yokokera zinthu pa mizere, pali 1/3 beat ndi 1/6 beat, mu mapulogalamu ena amalemba triplet kapena mumasintha nyimbo yonse kukhala 6/8 kapena 12/8. Ine ndimakhulupirira phazi langa kuposa kabataniko, ndimagunda tap tempo ndi chala ndikuvina pampando, kenako ndimayerekeza ndi zimene kompyuta yanena.

Kukoka ndi kufinya mawu

Apa mpamene pamagwera ambiri, ndiye ndichedwapo. Mu pulojekiti muli zinthu za mitundu iwiri zooneka ngati zofanana koma si zofanana. Pali MIDI, timabokosi tija mumajambula mu piano roll kapena kuimba pa kiyibodi. MIDI si phokoso, ndi malangizo chabe akuti noti yakuti ilire pa kugunda kwakuti. Njira imeneyi inakhazikitsidwa mu 1983, Dave Smith wa ku America ndi Ikutaro Kakehashi wa kampani ya Roland ku Japan ndi amene anatsogolera kuti makiyibodi a makampani osiyana azimvana. Mukasintha BPM, MIDI imangotsatira popanda kudandaula, ngati woimba amene wauzidwa kuti fulumira pang'ono. Koma mawu ojambulidwa pa maiki ndi audio, ndi chinthu chimene chinachitika kale ndipo chili ndi utali wake wa masekondi. Mukajambula vesi pa 95 kenako n'kuganiza kuti nyimbo ikukoma pa 100, ng'oma ndi kiyibodi zifulumira, mawu atsala pomwe analiri. Kompyuta sinalakwe, inu mwasuntha nyumba n'kusiya khonde.

Kuti audio itsatire iyenera kukokedwa kapena kufinyidwa, ndipo njira zake ndi ziwiri. Amene munakula ndi wailesi ya kaseti mukukumbukira mabatire akamatha, nyimbo inkayamba kuyenda pang'onopang'ono mawu a mayi n'kusanduka a bambo wonenepa, ndipo tinkathamanga kukaanika mabatire padzuwa. Imeneyo ndiyo njira yakale, liwiro ndi kukwera kwa mawu zimayendera limodzi, ukafulumizitsa mawu amakwera ngati a kamwana, ukachedwetsa amatsika. Mu FL Studio njira imeneyi ndi imene imalembedwa Resample pa Mode, mu pulogalamu ya Audacity ndi Change Speed and Pitch. Ndiye ngati mwakoka vesi kuti ikwane pa bala ndipo mwadzidzidzi woimba wanu wachoka pa kii ya kiyibodi, yang'anani pamenepo.

Njira yachiwiri imasintha utali osakhudza kukwera kwa mawu. Kompyuta imadula phokoso m'tizidutswa tating'onoting'ono, ikafuna kutalikitsa imabwereza tina, ikafuna kufupikitsa imataya tina, n'kusoka m'malo olumikiza kuti khutu lisamve. Maziko a njira imodzi yotchuka, phase vocoder, anaikidwa ndi James Flanagan ndi mnzake Golden ku Bell Labs mu 1966, ndipo masiku ano mapulogalamu ambiri amagwiritsa ntchito injini yotchedwa élastique ya kampani ya zplane ya ku Berlin. Ableton Live imene inatuluka mu 2001 inatchuka chifukwa cha zomwezi, iwo amati Warp. Mu Cubase amati Musical Mode, mu Audacity ndi Change Tempo, mu FL Studio mumasankha Stretch kapena imodzi mwa zija zoyamba ndi e3.

Koma zili ngati lasitiki ya kabudula, imakokeka mpaka penapake. Kuchoka pa 95 kupita pa 100 nthawi zambiri palibe amene azindikire. Kuchoka pa 80 kupita pa 110 mawu amayamba kunjenjemera, kumveka ngati munthu akuyankhulira mu chitini kapena pansi pa madzi, ndipo ng'oma zimataya kuthwa kwake, sineya, ng'oma yaing'ono ya mawu akuthwa, imamveka ngati yagunda kawiri. Ndiponso njira yoyenera mawu a munthu mmodzi si imene imayenera ng'oma kapena kwaya yonse, yesani zingapo mumve ndi khutu. Malire enieni akuti apa mwaonjeza palibe amene anawalemba, purodyusa wina amalola zimene wina sangalole, ndipo alipo amene amakonda dala kamvekedwe kophwanyikako ngati zokometsera.

Chinanso chosautsa n'chakuti nthawi zina pulogalamu imakoka yokha inu osaituma. Mumaponya fayilo ya mawu mu Ableton, iyo yalota tempo yake yolakwika n'kuikoka kuti igwirizane ndi pulojekiti, inu mukudabwa kuti woimba wayamba kuthamanga liti. Mu FL Studio kabatani ka Time mu channel ya fayiloyo kakakhala kuti kakhudzidwa, fayilo imamangiririka ku tempo, ndiye mukasintha BPM pulogalamu imafunsa ngati ikokenso zonse, ambiri timangodina Yes osawerenga. Ngati simukufuna fayilo isinthike, bwezerani Time pa none, kapena zimitsani Warp, kapena chotsani Musical Mode.

Sample rate, 44,100 ndi 48,000

Kompyuta simva phokoso ngati khutu. Imayeza mphamvu ya phokoso lochokera pa maiki kambirimbiri pa sekondi n'kusunga manambala, poseweranso imangowerenga manambalawo pa liwiro lomwelo. Kuchuluka kwa miyezo pa sekondi ndiye sample rate. Ya pa CD ndi 44,100, inabwera ndi Sony ndi Philips pamene CD inatuluka mu 1982. Nambalayi ikuoneka yachilendo koma ili ndi chifukwa, khutu la munthu limamva mpaka cha pa 20,000 Hz, kutanthauza kunjenjemera ka 20,000 pa sekondi, ndipo masamu ake amafuna kuyeza koposa kawiri pamenepo, komanso nthawi imeneyo phokoso la digito ankalisunga pa matepi a vidiyo ndipo 44,100 ndi imene inkakwana bwino m'mizere ya chithunzi. A mafilimu ndi wailesi yakanema anatenga 48,000, ndipo makamera ndi mafoni ambiri pojambula vidiyo amayendera imeneyo.

Vuto limabwera fayilo ya mtundu wina ikawerengedwa pa liwiro la mtundu winawo popanda kuisandutsa. Tinene kuti wina wadzala chimanga mapando 44,100 pa mzere uliwonse, wokolola wauzidwa kuti mzere uli ndi 48,000, ndiye azilowerera mzere wotsatira nthawi zonse ndipo munda autsiriza msanga. Fayilo ya 44,100 ikaseweredwa pa 48,000 imafulumira ndi pafupifupi 9 pa 100 alionse, nyimbo ya masekondi 180 imatha pa 165, ndipo mawu amakwera ndi semitoni imodzi ndi pafupifupi theka (semitoni ndi mpata wa pakati pa manoti awiri oyandikana pa kiyibodi). Zikatembenuka, ya 48,000 pa 44,100, masekondi 180 amakhala 196 ndipo mawu amatsika chimodzimodzi. Chizindikiro chake n'chimenechi, kuthawa kumakula mofulumira kwambiri ndipo kii imagwera pakati, pa kiyibodi simuipeza, si C si C sharp. Mukamva zonse ziwiri pamodzi musavutike ndi BPM.

FL Studio imasandutsa yokha mafayilo ikamasewera ndiye kumeneko sizichitika kawirikawiri. Cubase, imene inayamba mu 1989 pa kompyuta ya Atari ku Hamburg, imafunsa polowetsa fayilo ngati isandutsidwe kuti ifanane ndi pulojekiti, mukakana ndiye mwaitana vutoli. Mu Audacity kusintha Rate ya tiraki kumasintha liwiro pamene Resample ndiye imasandutsa bwinobwino. Nthawi zina mkangano umakhala pakati pa Windows ndi saundikhadi, kachipangizo kolowetsa ndi kutulutsa mawu mu kompyuta, wina ali pa 48,000 wina pa 44,100. Kuti yabwino ndi iti pa ziwirizi anthu amatsutsanabe, amene nyimbo zake zimathera ku vidiyo amakonda 48,000, ena amati 44,100 yawatumikira zaka zonsezi. Chofunika n'chakuti amene mukugwira ntchito limodzi mugwirizane imodzi musanayambe.

Kuchedwa kwa mawu m'mahedifoni

Mukaima m'munda wa tiyi n'kuona munthu akuwaza nkhuni kutsidya kwa chigwa, nkhwangwa imagwa kaye, phokoso limakupezani pambuyo. Phokoso limayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, ndiye munthu ali pa mtunda umenewo mumamumva sekondi yathunthu itadutsa. Mu kompyuta mulinso kuchedwa kotere, dzina lake latency, kuyambira pamene woimba watulutsa mawu mpaka pamene abwerera m'mahedifoni mwake. Amayeza mu ma millisecond, imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi.

Gwero lake lalikulu ndi buffer. Kompyuta sinyamula manambala aja imodziimodzi, imadikira achuluke kaye n'kunyamula mulu. Zili ngati wothyola tiyi ndi dengu lake kumsana. Dengu likakhala laling'ono masamba amafika msanga ku sikelo koma maulendo amachuluka mpaka munthu kutopa, likakhala lalikulu maulendo amachepa koma tsamba loyamba kuthyoledwa limadikira nthawi yaitali. Buffer ya 128 pa 44,100 ndi ma millisecond pafupifupi 3, ya 512 ndi pafupifupi 12, ya 2048 ndi 46, ndipo kumbukirani kuti mawu amadutsa kawiri, polowa ndi potuluka. Pa 2048 woimba amadzimva pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi mochedwa, zimamusokoneza, amayamba kudikira mawu ake omwe n'kumakoka nyimbo. Ndaonapo mtsikana woimba bwino kwambiri ku tchalitchi akulephera mzere umodzi kakhumi konse, misozi ili m'maso, vuto lisali iye.

Mukatsitsa kwambiri buffer laputopu imalephera kupirira, mumamva kuthetheka ngati nkhuni zaziwisi pamoto, nyimbo kudukaduka. Ndiye chizolowezi cha ambiri n'chakuti pojambula buffer ikhale yaing'ono ndipo mapulagini olemera, timapulogalamu tokometsera mawu, azimitsidwe, pomikisa ikwezedwe. Dalaivala, kapulogalamu kolumikiza kompyuta ndi saundikhadi, nayenso ndi nkhani. Kampani ya Steinberg, imene imapanga Cubase, inabweretsa dalaivala wa mtundu wa ASIO mu 1997 kuti pulogalamu iziyankhula ndi saundikhadi mwachindunji osazungulira njira zonse za Windows. Ngati muli ndi saundikhadi yakunja gwiritsani ntchito ASIO yake yomwe, ngati mulibe pali ASIO4ALL kapena FL Studio ASIO. Masaundikhadi ambiri ali ndi kabatani ka direct monitor kamene kamatumiza mawu a pa maiki molunjika ku mahedifoni osadutsa mu kompyuta, kuchedwa kumatheratu, kungoti woimba samva rivebu, kamvekedwe ka ngati ali mu holo yaikulu, imene ena amaifuna kuti alimbe mtima. Mahedifoni a Bluetooth pojambula ayi, amachedwa kwambiri mwachibadwa chawo ndipo palibe setingi imene ingachotse.

Kwathu kuno pali chinanso chimene mabuku ambiri satchula. Magetsi akathima laputopu n'kuyamba kuyendera batire, Windows imachepetsa mphamvu ya purosesa kuti batire ikhalitse, ndiye pulojekiti imene imasewera bwino m'mawa imayamba kuthetheka madzulo inu osasintha kanthu. Yang'anani pa setingi ya mphamvu muike yapamwamba. Mwezi wa Okutobala laputopu ikatentha imachitanso chimodzimodzi, ikwezeni pa kanthu mpweya uzidutsa pansi, fumbi la mu fani lichotsedwe.

Kuchedwa kwa latency kumakhala kofanana nyimbo yonse, ndiye ngati zajambulika kale mochedwa mankhwala ake ndi osavuta, zimitsani snap, gwirani tiraki yonse muisunthire kumanzere pang'ono mpaka ikhale m'malo. Osaikoka, kungoisuntha.

Biti yobwera pa WhatsApp

Izi ndi zachidule koma zimachitika tsiku ndi tsiku. MP3, imene inapangidwa makamaka ku Fraunhofer ku Germany, imasunga phokoso m'timapaketi ta miyezo 1,152, ndipo popanga ndi potsegula fayilo pamalowa kachete kakang'ono kumayambiriro, nthawi zambiri cha pa ma millisecond 25. Ndiye mukatumizira mnzanu biti ya MP3, iye ajambule mawu, akubwezereni muike pa pulojekiti yoyambirira, mawu onse akhala atasunthika pang'ono. Tumizani WAV, fayilo ya phokoso yosafinyidwa, ndipo pa WhatsApp itumizeni ngati document kuti ifike momwe ilili. Ndikudziwa bandulo ndi yodula ndipo netiweki kumidzi ya kuseri kwa phiri imavuta, WAV ya mphindi 3 ndi ma MB pafupifupi 30 pamene MP3 ndi 3 kapena 7, koma ngati n'zosatheka, gwirizanitsani ndi maso kugunda koyamba musanayambe ntchito. Potumiza matiraki osiyanasiyana onse ayambire pa bala yoyamba ngakhale ena ali chete poyamba, wolandira angowandandalika.

Ndipo mukadula mawu n'kumamva ka "tha" pamalo odulapo, ndi chifukwa mwadula funde lili pamwamba, sipika yadumpha mwadzidzidzi. Ikani kafedi kakang'ono, kotsitsa ndi kukweza mawu pang'onopang'ono, mbali zonse, kapena dulani pamene funde likudutsa pa mzere wapakati.

Kwaya, ng'oma ndi kiliki

Tibwerere kwa bambo aja a kwaya. Titamvera nyimbo zonse zitatu zinaoneka kuti kwawo kunali kuthawa kwa mtundu wachitatu, kongoyendayenda. Kwaya inajambulidwa kaye yokha mu tchalitchi popanda kiliki, kenako mnyamata uja anakapanga ng'oma ndi bezi pa BPM imodzi yosasuntha n'kuziika pansi pake. Koma kwaya simayenda choncho. Pa vesi imadekha, pa kolasi mtima ukakwera imafulumira, pothera mzere imapuma kaye pamodzi. Ndinawauza kuti, "Bambo, anthu anu anaimba bwino, ndipo makina sanaonongeke, kungoti awiriwa sanauzane." Anapumira m'mwamba.

Njira zotulukira zilipo zitatu ndipo iliyonse ili ndi mtengo wake. Mutha kukoka kwaya chidutswachidutswa kuti igwere pa giridi, ng'oma zikhala zowongoka zovinika, koma mawu a anthu 30 akakokedwa amaonongeka msanga kuposa a munthu mmodzi, ndipo kupuma kuja kumatayika. Mutha kuchita mosemphanitsa, kuuza kompyuta kuti itsatire kwaya, kumasintha BPM bala ndi bala pogwiritsa ntchito tempo track ya mu Cubase kapena automation ya tempo mu FL Studio, mawu osakhudzidwa n'komwe, koma ndi ntchito ya maola ambiri ndipo si kasitomala aliyense angalipire. Kapena kujambulanso, biti ipangidwe kaye, wotsogolera avale mahedifoni aziimbitsa motsatira, zomwe zikutanthauza kusonkhanitsanso anthu, thiransipoti, ndi tsiku lina losapita kumunda.

Apa mpamene opanga nyimbo amagawanika ndipo mbali zonse zili ndi mfundo. Ena amati nyimbo ya masiku ano iyenera kukhala pa giridi, DJ pa ukwati amafuna kuilumikiza ndi inzake, wopanga vidiyo amafuna kudula pa kugunda, ndipo woimba amene waphunzira kuyenda ndi kiliki amapepukitsa ntchito ya aliyense. Ena amati kufulumira kwa pa kolasi si kulakwitsa, ndi momwe nyimboyo imapumira, ndipo tchopa, amene UNESCO inamuika pa mndandanda wa chikhalidwe cha dziko lonse mu 2014, oimba ng'oma ake amatsatira mapazi a ovina osati wotchi, ukawaveka mahedifoni a kiliki wajambula chinthu china.

Bambo aja anatenga fulashi yawo kuti akakambirane ndi komiti, sanandiuzebe chimene asankha. Mafunso amene anapita nawo ndi omwe ifenso tikulimbana nawo. Kodi kwaya ikafulumira ndi 3 kapena 4 BPM pa kolasi, tikonze kapena tisiye, ndipo malire ake aike ndani, purodyusa kapena oimba? Ng'oma ya patatu ikawongoledwa ndendende pa giridi ya triplet imakhala yolondola pa masamu, koma kodi oimba ng'oma a kumudzi amagundadi ndendende pamenepo, kapena kukoma kwake kuli pa kupendekeka pang'ono kumene quantize imafufuta? Mapulogalamu atsopano olekanitsa mawu ndi ng'oma komanso olota tempo okha akunka nachenjera, koma kodi anaphunzitsidwa ndi nyimbo zokwanira za ngati zathuzi kuti azimva pamene ife timaponda? Nanga ntchito ya maola ambiri yotsatira kwaya bala ndi bala, mu situdiyo ya chipinda chimodzi imene imalipiritsa pa nyimbo osati pa ola, ailipire ndani?